Chipepeso cha pa Sikelo

Lolemba, 3 Febuluwale 2025

Mvula kuyambira m'mawa. Ndabwerera kusukulu lero, koyamba chimwalirire mkazi wanga Tisungane. Ana a Fomu 2 anaimirira onse nditalowa. Ndinawapatsa ntchito yolemba, ine n'kuima pawindo kuyang'ana tiyi. Wabiriwira mopanda manyazi chaka chino.

A hedi akuti ndisathamangire ntchito. Nanga kunyumba ndizichitako chiyani? Nsapato za Tisu zoyera za kuntchito zikadali pakhomo. A Jean, akulu ake, akufuna kuzichotsa. Ndawapempha ayambe adikira.

Madzulo foni ya Tisu inalira. Ejenti wa galimoto, wa ku chipata cha Mwanza. Anali asanamve. "Amayi aja ali kuti? Zinthu zafika povuta kuno." Ndinamuuza. Pepani, pepani, kenako nkhani yake yomwe ija. Galimoto yakhalitsa m'manja mwa a msonkho. Ikapanda kuomboledwa pofika kumapeto kwa Malichi igulitsidwa pa okushoni.

Ndilembe bwinobwino, mwina mutu ungakhazikike. Galimotoyo si yathu. Ndi ya gulu la amayi othyola tiyi, la banki m'khonde, limene Tisu anali mlembi wake. Zaka zitatu akusonkha. Kasiyenta kakale kochokera ku Japan, mipando yakumbuyo yopindika, munthu n'kugona bwinobwino. Yoti izinyamula odwala kuchokera ku malayini a antchito a pa esiteti ndi m'midzi ya kwa Nchilamwela kupita kuchipatala cha mishoni. Mtengo analipira. Sitima analipira. Dalaivala woichotsa kudoko analipira. Pachipata msonkho unapezeka woposa umene onse ankayembekeza, kwacha nayo itagwa. Akuti chifukwa ndi yakale. Galimoto ikakalamba msonkho umakwera. Ndipo yakale amagula ndani, ngati si wosauka?

Lachinayi, 6 Febuluwale

Chikalata cha madandaulo chimene Tisu anayamba kulemba mu Disembala chili m'chikwama chake cha kuntchito, pamodzi ndi lumo ndi maswiti a chifuwa. Anandiwerengera kawiri tili pakhonde. Masamba awiri, dzanja lake lopendekera kumanzere.

Ndaimbira ejenti. Akuti pakakhala kalata ya anthu ambiri, yodindidwa chidindo ku Boma, angapemphe kuti galimoto iyambe yaimitsidwa pa mndandanda wa zogulitsa. "Mwina, bambo. Sindikulonjeza." Mwina ndi chinthu. Ndiligwira.

Malipiro sanalowe. Sopo watha. Makala atsala pansi pa thumba.

Sabata, 8 Febuluwale

Kutchalitchi sindinathe kuimba. Amayi a Dorika anandisungira malo kutsogolo, ine ndinakhala kumbuyo pafupi ndi khomo.

Za tsikulo sindinalembepo. Ndilembe kamodzi kokha.

Lachitatu masana, mvula ya mphepo. Mimba ya miyezi isanu ndi itatu. Magazi anayamba ali pantchito, pa kachipatala ka pa esiteti, pamene namwino anali iye yekha. Anadziwa yekha chimene chinali. Galimoto ya kampani itapita kutauni. Lole ili kufakitale, yodzaza masamba. Tinamukweza pa njinga yamoto ya kabaza, iye pakati, ine kumbuyo kumugwira. Pa chitunda cha kutsidya kwa mlatho njinga inaterereka kawiri. Kachiwiriko injini sinalirenso. Anthu anazula chitseko cha nyumba ya pafupi, tinamugoneka pamenepo. Panjira anandiuza kuti, "Usathamange, ugwa." Kuchipatala anayesetsa, ndinaona ndi maso anga. Mwana anali wamkazi.

M'mawa mwake kampani inatumiza lole ya maliro. Yotsukidwa, mafuta odzaza, dalaivala atavala jekete. Inafika pa nthawi yake.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndawerenga malamulo a msonkho wa galimoto pa foni mpaka maso kuwawa. Mabuku ndawerenga ambiri pa moyo wanga, ngakhale aatali a ku Russia aja oti munthu mmodzi ali ndi mayina atatu, koma izi zandigonjetsa. Chaka cha galimoto, kukula kwa injini, msonkho pamwamba pa msonkho. Mawu oti wodwala sindinawaone pa tsamba limene likutikhudza.

Chikalata ndachilemba pa kompyuta ya kusukulu. Mawu a Tisu sindinasinthe. Tikupempha boma lisinthe lamulo, kuti anthu akumudzi akasonkherana n'kugula galimoto yonyamulira odwala, ngakhale yakale, asalipitsidwe msonkho wonsewu. Ndawonjezera chiganizo chimodzi, chakuti yathuyi isagulitsidwe pempholi lisanayankhidwe.

Inki ya makina inathera pa tsamba loyamba. Mapepala a mayina ndajambula ndekha ndi rula, mizere itatu: dzina, mudzi, ndi mpata wosainira. Pamwamba pa lililonse ndalemba ndi cholembera kuti "Pokumbukira malemu Tisungane." Ndinafuna dzina lake lifike ku Lilongwe.

Ndapereka kwa a Dixon, kapitawo wa gulu la a Jean, kuti apite nawo pa sikelo, poyezera masamba, pamene anthu onse amadutsa. Ndinayamba kufotokoza, mawu anandithawa pakati. Anandigwira paphewa. "Musavutike, aphunzitsi. Zimenezi timazidziwa, ndalembapo zambiri."

Lachisanu, 14 Febuluwale

A Dixon ndi a Jean anafika dzuwa litapendeka, akuthamangira Sabata. Mapepala odzaza mbali zonse, mayina mazanamazana. Ndi jumbo yakuda yomanga pakamwa.

Mu mzere wachitatu mulibe saini ngakhale imodzi. Muli manambala. K200. K500. K100. Dzanja ndi limodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, la a Dixon.

"Anthu apepesa ndithu, aphunzitsi. Ena analibe, alembetsa kuti apereka akalandira."

Ayesa chipepeso. Ndipo akanayesa chiyani? Pepala lochokera kwa namfedwa, dzina la malemu pamwamba, mizere itatu, m'manja mwa a Dixon amene amalemba chipepeso pa maliro onse a ku malayini. Tsiku loika Tisu ambiri sanabwere. Tiyi ali pachimake, waganyu akajomba malo ake amapatsa wina. A Jean akuti anthu akhala akuyenda ndi manyazi amenewo, namwino wawo kuikidwa iwo ali m'munda. Pepala litafika pa sikelo anachita kulimbirana.

Ndinaseka. Koyamba. A Dixon anadabwa, kenako kusekako kunasanduka zina, a Jean n'kuwatulutsa panja.

Ndinati ndalamazo zibwerere kwa eni ake. A Jean anandiyang'ana ngati mwana. "Alamu, chipepeso sichibwezedwa. Mukufuna atiyese anthu otani?"

Dzuwa lalowa. Jumbo ndaiika mu kabati osaimasula, idikire Sabata lithe.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ku Boma ndi mapepala omwewo. Ndinadziwa, koma ndinapitabe.

Mu ofesi muli bambo wachinyamata, waulemu, tayi yabuluu. Anawerenga tsamba loyamba lonse, chimene sindinkayembekeza. Atatembenuza anaima. "Bambo, iyi ndi kalata ya madandaulo kapena ya maliro?" Ndinati zonse ziwiri. Sanaseke. Akuti dzanja limodzi, popanda saini, manambala m'mbali, akuluakulu akaona ayesa kuti anthuwa ndawagula, kapena ndikusonkhetsa ndalama popanda chilolezo. Aliyense asaine yekha, wosadziwa kulemba adinde chala. Sanalakwe.

Pa siteji Masiyenta mbwee, anthu opanikizana mpaka kubuti, matumba a nthochi pamwamba. Onsewo analowa m'dziko muno, wina anakwanitsa. Ndinakwera imodzi pobwerera. Ndinapezeka ndikuyeza ndi maso kutalika kwa kumbuyo, ngati munthu wa msinkhu wa Tisu akanagonamo osapinda miyendo. Akanagonamo.

Lolemba, 24 Febuluwale

Nditaweruka ndinapita ndekha pa sikelo, ndi mapepala atsopano ndi kabokosi ka inki ka a hedi. Mzere wautali, madengu kumsana, mapulasitiki m'chiuno akudontha madzi. Fungo la masamba osweka. Tisu ankati amalimva ngakhale pa makanda obadwa kumene a kuno.

Ndinafotokoza pang'onopang'ono. A Emma, wapampando wa gulu logula galimoto, anadinda oyamba, n'kupukutira chala pa chitenje. Anzawo a m'gulu anatsatira. Kenako mzere unangondilambalala.

Mayi wina anati, "Ife tinapepesa kale, aphunzitsi. Kapena yachepa?" Ndinayesa kunena kuti si za ndalama. Nkhope yake inaonetsa kuti ndamunyoza basi. Wina analankhula m'Chilomwe, anzake n'kuseka chapansipansi. Chilomwe changa ndi cha moni wokha. A Jean anandimasulira panjira, atakanakana: akuti chala timadinda polandira malipiro kapena pochotsedwa ntchito, nanga aphunzitsiwa atibweretsera chiti?

Lachinayi, 27 Febuluwale

Sabata ino ndiye mwana akanabadwa. Beseni latsopano, matewera, kachipewa kachikasu kamene analuka kosatha mbali imodzi.

Sindinapite kusukulu.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Mphekesera ku malayini: pepala la zala likupita kuboma ndi mayina, ndipo nyengo yothyola tiyi ikatha mu Epulo amene adinda sadzawalembanso ntchito. Palibe amene wanena zimenezi kuchokera ku ofesi ya kampani. Sizikusowa wonena. A Dixon anaitanidwa, anangofunsidwa kuti mapepala a pa sikelo ndi a chiyani, ndipo anauzidwa kuti pa sikelo ndi poyezera masamba. Abwera kudzandiuza okha, chipewa m'manja. "Ana asanu, aphunzitsi." Ndinawauza kuti ndamva, asadandaule. Awiri mwa amene anadinda Lolemba atumiza uthenga kuti ndifufute mayina awo. Ndafufuta.

Jumbo ija ndapereka kwa a Emma, ipite ku galimoto. A Jean avomera, akuti Tisu akanatero. Siikukwana ngakhale ndalama yosungira galimoto pachipata, imene ikukwera tsiku ndi tsiku. Ejenti akuti matayala awiri aphwa.

Sande, 2 Malichi

Wapansi, khomo ndi khomo, mbali yolowera kwa Changata. Kumudzi anthu saopa kampani kwambiri, koma amafunsa ngati pepalali ndi la feteleza. Ndikati ayi, chidwi chimatha. Ena adinda chifukwa cha chisoni, osati chifukwa amva. Ndalandira zomwezo. Kale ndikanakana.

Pobwerera ndinadzera pa chitunda cha mlatho. Ndakhala ndikupalambalala. Kanyumba ka njerwa zosawotcha, pakhomo papachikidwa chiguduli. Mkulu wina wokalamba akusenda chinangwa. Anandizindikira ine ndisanalankhule.

"Ndinu a chitseko aja. Musavutike nacho, ndipeza china. Amayi aja anachira?"

Sanamve. Mwezi wathunthu akugona ndi chiguduli pakhomo, mvula yonseyi, akuganiza kuti chitseko chake chinathandiza. Ndinamuuza. Anaika mpeni pansi. Anapempha yekha kudinda, ndipo anakanikiza kwambiri mpaka pepala linanyowa.

Chitseko ndimugulira malipiro akalowa.

Lachisanu, 7 Malichi

Zala sizikufika ngakhale makumi anayi. Mayina a chipepeso ndi mazana. Mapepala awiriwa ndawayala patebulo, lina lovomerezeka koma lopanda anthu, lina la anthu koma losavomerezeka.

Mutu. Panado watha. A Jean abweretsa ndiwo za nkhwani, akhala mpaka nditadya. Achotsa nsapato zija ine ndili kubafa.

Tisu, ukanakhala iwe akanadinda onse. Unawabaya jekeseni, unawathandiza pobereka. Ine amangondidziwa kuti ndine amuna ako oyenda ndi buku.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndilembe zonse ndisanaiwale dongosolo lake.

Ku Boma kachiwiri. Pepala la zala pamwamba, a chipepeso pansi, ndamanga pamodzi ndi pini. Bambo wa tayi uja anati la zala angalandire, ngakhale ndi lochepa moti sakhulupirira kuti lingagwedeze munthu, koma enawo ndichotse. Ndiponso wodinda chidindo kulibe, ndibwere sabata yamawa. Ndinati sabata yamawa ndi kutali. Anatambasula manja. Ndinatuluka osachotsa kanthu.

Pakhonde mabenchi odzaza, anthu odikira ziphaso ndi milandu ya malo. Mvula, poti n'kupita palibe. Ndinaima ndi mapepala m'manja. Ndinaganiza kuti mayina awa sanawerengedwepo. Chipepeso chimawerengedwa pamaso pa anthu thupi lisananyamuke, aliyense amve kuti anafika. Awa anapereka, palibe anawatchula.

Ndinayamba kuwerenga. Mokweza, ndi mawu a m'kalasi. Ine amene ndimachita manyazi ngakhale kupereka pemphero lotsekera. "Chipepeso cha malemu Tisungane. Kuchokera kwa a Eliya a kwa Nchilamwela, mazana awiri. A Rachel a ku malayini a kumtunda, zana limodzi." Mmene a Dixon amachitira, kupuma pang'ono pa dzina lililonse.

Phokoso linayamba kuzilala. Abambo a pa benchi yoyamba anavula zipewa. Mayi wogulitsa nthochi anatula lichero n'kukhala pansi. Mesenjala anabwera kudzandiletsa, anafika pafupi, anamvetsera, n'kuvula chipewa nayenso. Palibe amene amadula chipepeso pakati. Ndinawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mawu anasasa.

Mayi wina anadzuka, anawerama, n'kuika ndalama pafupi ndi phazi langa. "Lembani Joan, wa kwa Khwethemule." Ndinaima. Ndinati mayi, maliro anapita kale, iyi ndi nkhani ya galimoto, ndipo ndinafotokoza zonse, za chipata, za msonkho, za chitunda, pamaso pa anthu osawadziwa. Iye anandidikira ndimalize. "Ndamva. Wanga anathera pa machira chaka chatha, tisanafike pa tala. Inki ili kuti?"

Anadinda. Ndalama anakana kutenga. Ena anatsatira, si onse, koma mzere unalipo. Wina anasaina ndi zilembo zikuluzikulu mpaka kudya mizere iwiri.

Bambo wa tayi anali ataima pakhomo, sindikudziwa kuyambira liti. Anatenga mapepala onse m'manja mwanga, analowa, anakhalitsa. Potuluka tsamba lililonse linali ndi chidindo, a manambala omwe. Wodinda uja kaya anapezeka kuti, sindinafunse. "Zipita ku Lilongwe momwemu. Akafunsa ndidzati ndi mmene anthu a kuno amasainira."

Ndajambula tsamba loyamba, ndatumizira ejenti. Ndafika kunyumba zovala zili chonyowa, ndadya mbale yonse.

Lachitatu, 19 Malichi

Ejenti akuti wapereka kwa oyenera. Tidikire.

A Emma anandiimitsa panjira. Amayi ayamba kukangana kuti adzayendetse galimoto ndani, mwana wa uje kapena wa uje. Ndinawauza kuti asafulumire. Koma inenso dzulo ndinafunsa mtengo wa matayala.

Lachiwiri, 25 Malichi

Foni ya ejenti ikungoitana.

Chitseko ndagula, chapita pa njinga kwa mkulu uja. Mayeso a ana ayamba Lolemba. Mvula yabwereranso, msewu wa kumlatho wadukanso pamalo pomwe paja.

Lachiwiri, 1 Epulo

Yagulitsidwa. Lachisanu lapitali. Ejenti waimba yekha m'mawa, ndili pakati poyang'anira mayeso, ndinatuluka panja. Kalata inafika, a msonkho anaiona, akuti mmodzi mpaka anapukusa mutu ndi chisoni, koma mndandanda unali utatsekedwa kale ndipo lamulo likadali lomwelo. Wagula ndi munthu wa ku Limbe, ikhala takisi. Akachotsa msonkho ndi zosungira sakudziwa ngati patsala kanthu ka amayiwa. Za ku Lilongwe palibe yankho. Mwina lidzabwera, zoterezi akuti zimatenga zaka.

Ndinabwerera m'kalasi, ndinatolera mapepala, ndinawerengera ngati akwana.

Ndinauza a Jean masana. Atachoka pa sikelo amayi onse a gulu anabwera kuno, mapulasitiki akadali m'chiuno. Mipando anakana, anakhala pansi pakhonde. Ndinanena mwachidule. Palibe analira. Wina anafunsa mtundu wake, poti sanaionepo. Ndinati yasiliva, malinga ndi chithunzi. A Emma anayang'ana zala zawo zong'ambika ndi tiyi. "Lamulolo likadzasintha mudzatiuze, aphunzitsi. Kaya tidzakhala tilipo." Anapemphera ndi a Jean, mwachidule, anthu n'kuyamba kudzuka.

Mmodzi anatsalira. Mervis, wamng'ono pa onse m'gululi, wa ku malayini a kumunsi. Anachedwa kudzuka chifukwa cha mimba, anachita kugwira chipilala. Akuti ndi ya mwezi wamawa, yoyamba, ndipo Tisu anamuuza kale kuti asadzachilire kunyumba. Anadikira anzake afike pamsewu. Kenako, maso ali pansi, anandifunsa ngati ndikadali nayo nambala ya wakabaza uja.

Ndili nayo. Ndamulembera.